Dzina langa m'buku la ngongole

Ndinatera pabwalo la ndege la Indira Gandhi mumzinda wa Delhi kumapeto kwa July 2017, m'bandakucha. Ndinali ndi sutikesi imodzi, makilogalamu asanu a ufa woyera umene amayi anandikonolera okha, ndi kalata yondiitana kukachita maphunziro a zaka ziwiri. Chitseko chagalasi chitatseguka, mpweya wa panja unandifunda ngati bulangete lonyowa. Inali nyengo ya mvula kumeneko, ndipo dzuwa lisanatuluke n'komwe malaya anali atamata kale kumsana. Ndinakulira ku Phalombe, ndinaphunzitsapo zaka zitatu ku Chikwawa ndisanasamukire ku Lilongwe, motero ndinkadziona ngati katswiri wa kutentha. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti sukulu yake ndinali ndisanaiyambe.

Kukula kwa mzindawu n'kovuta kufotokozera munthu amene sanafikeko. Kalembera wa ku India wa 2011 anapeza anthu 16.8 miliyoni mu Delhi mokha. Wa kwathu wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni m'dziko lonse. Ndiye tatengani Amalawi onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, muwakhuthulire mumzinda umodzi, kenako aliyense mum'patse hutala. Zimenezo n'zimene ndinkaona pawindo la takisi m'mawa umenewo: mabasi obiriwira, njinga zamoto zonyamula banja lonse, ng'ombe itagona pakati pa msewu osalabadira munthu. Ndinadzifunsa funso limene linandisowetsa tulo miyezi yambiri: m'chinamtindi chotere, munthu amayambira pati kuti akhale wapamudzi?

India amene ndinkamudziwa ine anali wa ku Limbe. Ndili mwana, chaka chilichonse tikagulitsa nandolo, bambo ankanditenga kukagula yunifolomu ndi nsapato m'masitolo a amwenye. Ndimakumbukira fungo la nsalu zatsopano ndi lubani, mlonda pakhomo atagwira chibonga, ndi bambo anga, munthu woopedwa kumudzi, akuvula chipewa n'kunena kuti "bwana" kwa mnyamata wausinkhu wa mwana wawo. Potuluka ankang'ung'udza za amwenye, ine n'kumavomereza. Sindinadzifunsepo kuti anthu amenewa kwawo kwenikweni n'kuti, anabwera bwanji, kapena anamva bwanji m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linawalamula kutseka masitolo awo a m'midzi n'kupita m'mizinda. Kwa ine mmwenye anali munthu woima kuseri kwa kauntala, basi. Tsopano ndinali kwawo, kumene mmwenye ndi amene amasesa msewu, kupalasa kabaza, kuweruza milandu ndi kupemphetsa, ndipo wachilendo woyang'anitsitsidwa ndinali ine.

Vuto loyamba linali nyumba. Lamulo la ku India limati wophunzira wochokera kunja amene viza yake ndi yopitirira masiku 180 alembetse ku ofesi yoona za alendo pasanathe masiku 14 chifikireni. Kuti ulembetse uyenera kuonetsa kumene ukukhala, ndipo mwininyumba ayenera kudzaza fomu yovomera kuti akusunga mlendo, komanso kudziwitsa apolisi. Malo ogona a pasukulu anali atadzaza. Ndinayamba ndagona pansi m'chipinda cha mnzanga wa ku Uganda amene tinadziwirana pa WhatsApp, uku masiku 14 aja akutha limodzilimodzi.

Usiku woyamba mnzangayo anandipatsa malamulo ake. Usakangane ndi woyendetsa auto usiku, ngakhale akubere poyera. Auto ndi tinjinga tamoto ta matayala atatu tija kwathu timati bajaji. Ana akakukuwa kuti kalu kapena habshi, mawu onyoza munthu wakuda, usacheuke. Pasipoti isasiyane nawe. Ndinaona ngati akukokomeza, mpaka anandiuza za mnyamata wa ku Congo, mphunzitsi wa Chifalansa, amene anamenyedwa mpaka kufa ku Vasant Kunj mu May 2016 atakangana ndi anthu polimbirana auto, ndi za ophunzira a ku Nigeria amene gulu la anthu linawamenya ku Greater Noida mu March chaka chomwe ndinafikacho. Nkhani zimenezi amayi sindinawauze. Ndinangowauza kuti ndafika bwino, ndipo ndege siigwedeza ngati basi ya ku Migowi.

Ku Delhi nyumba sufuna wekha. Ili ndi madobadoba ake, okhala m'timaofesi ta mpando umodzi ndi mafoni awiri, ndipo akakupezera umawalipira lendi ya theka la mwezi kapena ya mwezi wathunthu. Wanga ankandikweza kumbuyo kwa njinga yake yamoto, tikuzungulira m'tinjira topanikiza mmene mawaya amagetsi amalendewera ngati zisa za akangaude. M'masiku asanu ndi limodzi tinaona nyumba 11. Pafoni chipinda chinkakhala chilipo. Mwininyumba akangoona nkhope yanga, chinkakhala kuti changotengedwa kumene m'mawa womwewo. Ena sankavutika n'kunama, ankangouza dobadobayo kuti Mwafirika ayi. Ena ankafunsa ngati ndimadya nyama, chifukwa m'nyumba zambiri safuna ngakhale fungo la dzira.

Bambo wina anandiloza n'kufunsa kuti, "Nigeria?" Ine mofulumira ndinayankha kuti, "Ayi, ayi, Malawi." Pobwerera ndinachita manyazi. Ndinali nditangogulitsa kumene m'bale wanga kuti ndipeze pogona, ndipo pogonapo sindinapapezenso. Mayi wina anafunsa kudzera mwa dobadoba uja ngati n'zoona kuti kwathu timadya anthu. Ndinaseka, iwo sanaseke. Ndinakwiya nazo kwa milungu ingapo, n'kumadzifunsa kuti anthu okwera sitima zapansi pa nthaka angakhulupirire bwanji zoterezi. Patangotha miyezi iwiri, ku Mulanje ndi kwathu ku Phalombe kunabuka mphekesera ya anamapopa, ndipo anthu angapo anaphedwa, ena chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Mkwiyo wanga sunathe, koma unasiya kudzikweza.

Tsiku lachisanu ndi chinayi tinafika ku Malviya Nagar, kum'mwera kwa mzindawu. Panyumba ina ya nsanjika zitatu tinapeza mayi wachikulire atavala zoyera, atakhala pabedi la zingwe pakhonde. Mdzukulu wawo ndiye ankamasulira. Amamwa mowa? Ayi. Amasuta? Ayi. Mayi ake alipo? Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha amayi ataima m'munda, chitenje chili m'chiuno, khasu lili paphewa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayankhula mawu ochepa. Mdzukuluyo anati, "Akuti lendi ndi pa 5 mwezi uliwonse, ndipo thanki ikadzaza muzizimitsa mota." Sindinamve msanga kuti andilandira.

Ndinkawaitana Aunty ji monga ankachitira onse m'kanjirako, iwo n'kumanditcha beta, kutanthauza mwana wanga. Patapita miyezi ndinamva mbiri yawo. Anafika ku Delhi mu 1947 ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pasitima yochokera kufupi ndi Rawalpindi, dziko litagawidwa pawiri kukhala India ndi Pakistan. Anayamba agona m'tenti. Malviya Nagar yemweyo ndi limodzi mwa madera amene anamangidwira othawa nkhondo a nthawi imeneyo. Sanandiuzepo kuti n'chifukwa chake anandilandira, ndipo sindikufuna kuwaikira mawu m'kamwa. Mwina chipindacho chinali chitangokhalitsa chopanda munthu, popeza chinali cha padenga.

Chipinda chotere amachitcha barsati, dzina lochokera ku mawu otanthauza mvula. Ndi kachipinda kamodzi pamwamba penipeni pa nyumba, chimbudzi chili panja, pambali pake pali thanki yakuda ya madzi. Madzi a m'mipopi ankabwera m'mamawa kwa maola ochepa, ndipo ntchito yanga inali kudzuka 5 koloko, kutsika masitepe 52, kuyatsa mota, n'kudikira kumva thanki ikusefukira. Ndinaphunzira kutunga ndowa usiku, chifukwa dzuwa likakwera madzi a m'thankimo ankatentha moti sungasambe.

Ndinaphunziranso Metro, sitima yamagetsi imene inayamba kuyenda mu 2002. Yanga inali ya mzere wachikasu, yodutsa ku Hauz Khas, INA ndi Rajiv Chowk. Chikwama chimadutsa kaye pamakina ounika, bogi loyamba ndi la amayi okhaokha, ndipo pa Rajiv Chowk sukwera wekha, anthu ndi amene amakukweza. Tsiku loyamba ndinapereka moni kwa bambo amene ndinakhala naye pafupi, monga timachitira m'minibasi. Iye anangokokera chikwama chake pachifuwa. Mawu a Chihindi ndinkawatola limodzilimodzi. Kitna ndiye kuti zingati. Koma ena ndinapeza kuti ndinabadwa nawo. Wothira tiyi ukamuuza kuti "basi" amasiya kuthira. Galimoto amaitcha gaadi. Ndalama yawo, rupee, ndi lupiya yomwe ija agogo anga ankatchula akamakumbuka za msonkho wa atsamunda. Ndinazindikira kuti India analowa kalekale m'kamwa mwathu, ife osadziwa.

Ndinalembetsa pa tsiku la 13. Ndinatuluka mu ofesimo ndi pepala lokhala ndi chithunzi changa ndi chidindo, ndipo ndinaganiza kuti basi ndakhazikika. Pepalalo linkanena kuti ndili ndi chilolezo chokhala mu Delhi. Silinkanena kuti mu Delhi muli munthu amene angazindikire nditasowa. M'kalasi anzanga anali aulemu, koma aphunzitsi akangotuluka onse ankabwerera ku Chihindi, ine n'kutsala ndikumwetulira nthabwala zimene sindinazimve. Madzulo ndinkakhala padenga kuonera ana akuulutsa makaiti ndi nkhunda zikuzungulira, n'kumaganiza kuti nditafera m'kachipindaka, anthu angadzadziwe pa 5, tsiku la lendi.

Ufa wa amayi unatha pakati pa September, ngakhale ndinkaupima ngati mankhwala. Anzanga a ku West Africa anandiphunzitsa kuphika nsima ya suji, ufa wa tirigu wamiseremisere. Inkakhutitsa mimba, mtima ayi. Akuluakulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna.

Polowera kanjira kathu panali kagolosale kakang'ono ngati okala ya kwathu, kamene kumeneko amati kirana. Mwini wake anali bambo wamsinkhu wanga, wochokera ku Bihar, kum'mawa kwa dzikolo. Mkazi ndi ana ake anali kumudzi, iye ankagona m'sitolo momwemo, n'kumapita kwawo kamodzi pachaka. Ndinkamuitana bhaiya, ndiye kuti achimwene. Kutsogolo kwa kauntala ankandandalika matumba otsegula a mitundu ya nyemba zosenda ndi kuswa, zimene onse amazitcha dal: zofiira, zakuda, zobiriwira, zachikasu. Tsiku lina ndinatapa zachikasuzo m'manja n'kununkhiza. Mphuno siiwala kwawo. Anali nandolo.

Ndinatulutsa chithunzi cha amayi chomwe chija. Kumbuyo kwawo kunali nandolo wamtali kuposa iwo, amene amatsala m'munda chimanga chikakololedwa. Bhaiya anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, osati pankhope ya amayi koma pamasamba. "Arhar!" anakuwa motero, n'kuitana bambo wosita zovala ndi simbi yamakala patsidya pa kanjirako kuti adzaone. Bambo ake nawonso ankalima mbewu yomweyo ku Bihar. Anandifunsa kwathu. Mali? Malaysia? Ndinati Malawi. Anabwereza katatu, pang'onopang'ono, ngati akulawa. Usiku umenewo ndinaphika chipere, n'kudya nditakhala pansi padenga, thukuta ndi misozi zikutsikira limodzi.

Nandolo yemweyo ndi amene anandilowetsa m'mavuto. M'zaka za 2014 ndi 2015 mvula inavuta ku India, nandolo anasowa, ndipo mu October 2015 mtengo wake m'masitolo unafika 200 rupees pa kilogalamu. Amalonda anathamangira ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Kwathu mavenda ankalimbirana matumba, amayi anafolera nyumba ndi malata, ndipo aliyense amene anali ndi kamunda anawonjezera mizere. Koma alimi a ku India nawonso anawonjezera, mvula inagwa bwino mu 2016, ndipo anakolola wochuluka kuposa kale lonse. Mtengo unagwa. Pofuna kuteteza alimi ake, mu August 2017 boma la India linaika malire akuti nandolo wochokera kunja asapitirire matani 200,000 pachaka. Chigamulo chimene chinapangidwa mtunda wa masiteshoni ochepa a Metro kuchokera pachipinda changa chinakagwetsa sikelo ya venda ku Migowi.

Amayi anaimba foni kumayambiriro kwa October. "Mwana wanga, nandolo chaka chino wasanduka zinyalala. Matumba 14 ali m'nyumba, anankafumbwe ayamba kale. Iwe uli komweko, tawafunsa eni akewo kuti talakwanji." Mlongo wanga anali Fomu 3, fizi inali isanalipidwe, feteleza anali asanagulidwe. Ndinapereka pafupifupi ndalama zanga zonse za mwezi umenewo kwa Mmalawi wina wophunzira kumeneko, mkulu wake n'kukapereka makwacha kwa amayi. Nditam'fotokozera bhaiya, ndi Chihindi changa chothyokathyoka ndi manja, anaseka kuseka kosakondwa. Bambo akenso anali atagulitsa wawo pamtengo wolira nawo. Tinayang'ana thumba la dal lija tonse awiri. Mtengo wake pakauntala sunkafanana ndi zimene makolo athu analandira, ndipo panalibe mmodzi wa ife amene ankadziwa kumene ndalama yapakatiyo inapita.

Kenako kunabwera utsi. Chikondwerero cha Diwali chitatha, chimene chaka chimenecho chinali pa 19 October, alimi a ku Punjab ndi Haryana amatentha mapesi a mpunga kuti adzale tirigu msanga. Mphepo imaima, kunja kumayamba kuzizira, ndipo utsiwo umasakanikirana ndi wa magalimoto ndi fumbi n'kukhala pamwamba pa mzinda ngati chivundikiro cha poto. Sabata yachiwiri ya November boma linatseka sukulu za ana. Dzuwa linkaoneka ngati mbale yofiira yoti ungaiyang'ane osaphethira. Ndinayamba kutsokomola, ndipo ndikamina pankatuluka zakuda. Mwezi womwewo ndalama zanga za maphunziro zinachedwa ndi milungu isanu. Nditalipira lendi ndinatsala ndi 140 rupees.

Ndinapirira masiku anayi ndikudya kamodzi patsiku. Ndinali mphunzitsi wa zaka 34, munthu woimiriridwa ndi ana ndikalowa m'kalasi, ndipo kupempha ngongole kwa mmwenye chinali chinthu chimene bambo anga sanachitepo moyo wawo wonse. Tsiku lachisanu ndinatsika. Ndinaika pakauntala mpunga, dal, kabotolo ka mafuta, jinja ndi sopo. Zonse zinakwana 310 rupees. Ndinayang'ana pansi n'kunena mawu amene ndinawayeserera pamasitepe onse 52: "Paisa baad mein." Ndalama pambuyo.

Bhaiya anapukusa mutu. Ndinali nditakhala kumeneko miyezi yoposa itatu, ndinkadziwa bwino kuti kupendeketsa mutu uku ndi uku kumatanthauza kuvomera, koma manyazi anachititsa thupi langa kumva Chichewa. Ndinayamba kubweza mpunga uja. Iye anandigwira dzanja, n'kutulutsa pansi pa kauntala buku lachikuto chofiira, lakuda m'mbali ndi zala. Anatsegula tsamba latsopano, n'kulemba pamwamba pake ndi zilembo zawo zija zolendewera kumzere ngati zovala pachingwe. Sanafunse pasipoti. Sanafunse chithunzi, kalata ya kusukulu kapena fomu ya apolisi. Patapita miyezi, nditaphunzira zilembozo, ndinawerenga zimene analemba tsikulo. Sanalembe dzina langa, limene linkamupinda lilime. Sanalembe kuti Mwafirika. Analemba kuti Malawi, osaphonya chilembo.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi okala amadziwa tanthauzo la buku lotere. Pakhoma pamalembedwa kuti ngongole mawa, koma pansi pa kauntala pamakhala kope, ndipo si aliyense amalowamo. Wodutsa sakongozedwa. Mlendo ndi mame, ndipo palibe amene amakongoza mame. M'kopemo mumalowa anthu amene wogulitsa watsimikiza mumtima mwake kuti mawa adzakhala ali pompano. Boma linandipatsa pepala loti ndikhoza kukhala. Bhaiya ndi amene anayamba kuchita zinthu ngati ndikukhaladi.

Sabata yotsatira chifuwa chinandigoneka masiku atatu. Tsiku lachitatu kamnyamata kotumikira m'sitolomo kanagogoda pachitseko, katanyamula tiyi wa jinja m'kapulasitiki, kakuti bhaiya akufunsa ngati ndili moyo. Mnzanga wa ku Uganda atamva anaseka. "Akuyendera ndalama zake ameneyo." Mwina n'zoona. Koma mumzinda wa anthu mamiliyoni onsewo munali mutapezeka munthu mmodzi amene anawerenga masiku amene sanandione. Ngakhale atakhala kuti ankawerenga chifukwa cha 310 rupees, ine ndinagona bwino usiku umenewo.

Sindikufuna nkhaniyi ikome kuposa mmene zinalili. Madzulo ena mu December ndikuchokera kusiteshoni, anyamata atatu pa njinga yamoto anandidutsa pakhomo penipeni pa sitoloyo. Wakumbuyo anandimenya khofi m'khosi akukuwa kuti habshi, mabuku anga n'kugwera m'ngalande. Anthu anaona. Bhaiya anaona. Anaweramira sikelo yake ngati pali china chofunika kupima. Ndinatola mabukuwo ndekha. Khofilo silinandipweteke ngati mutu wowerama uja. Masiku awiri sindinaponde pasitolopo. Ndinkayenda mtunda kukagula kusupamaketi kumene ankandipatsa lisiti osandiyang'ana kumaso.

Bambo wosita uja ndi amene anandiimitsa tsiku lachitatu. Anandiuza kuti mmodzi wa anyamatawo ndi mwana wa mwini nyumba imene bhaiya amachita lendi. Anandiuzanso chinthu chimene ndinali nditachimva kale m'mabasi koma osachimvetsa, kuti mu Delhi mawu akuti Bihari anthu ena amawagwiritsa ntchito ngati chitukwano. Munthu amene ndinkamuona ngati mwini mzinda anali atakhalamo zaka 11 akuyendabe chowerama. Sindinganene kuti ndinam'khululukira zonse tsiku lomwelo. Ndinangobwerera. Iye sananene kanthu za nkhaniyo, ine sindinanenenso. Anathira tiyi m'katambula kagalasi n'kundikankhira, ndipo tiyi ameneyo m'buku sanalowe.

Chisanu chitakula mu January, m'sitolomo munafika thumba la ufa wachimanga wachikasu, umene amati makki ka atta, ndipo pamsika panaunjikana mpiru. Anthu a ku Punjab m'nyengo yozizira amadya chapati cha ufa umenewu ndi mpiru wophikidwa mpaka kusungunuka, pamwamba atathira batala. Aunty ji ananditumizira mbale. Kwathu ufa wachikasu umatikumbutsa chimanga cha thandizo cha m'zaka za njala, koma kumeneko ndi chakudya chimene anthu amachidikira chaka chonse. Ndinagula makilogalamu awiri, n'kuvundula nsima yeniyeni koyamba m'miyezi inayi. Ndinasinja mtedza mumtondo wawo wachitsulo, n'kutendera mpiru. Ndinawapititsira Aunty ji. Anatema kambamu kakang'ono, n'kutafuna nthawi yaitali, kenako anati, "Beta, waiwala mchere." Ndinayesa kufotokoza kuti mchere umakhala m'ndiwo, koma sanakhutire. Mpiru wotenderawo anamaliza wonse, ndipo mawa lake anatuma mdzukulu wawo kudzafunsa kuti mtedzawo ndimathira nthawi yanji.

Chaka chachiwiri ndinali ine wokalandira atsopano kubwalo la ndege. Ndinali nditapirira May wa madigiri 45, ndikugona pafupi ndi chifani chopemerera madzi. Ndinkadziwa bogi loyenera kukwera kuti ndikatsikire pafupi ndi masitepe, ndi mtengo weniweni wa auto kuchokera ku Saket. Atsopanowo ndinkawapatsa malamulo a mnzanga wa ku Uganda aja, onse, chifukwa palibe limene linatha ntchito. Ndinkangowonjezerapo langa limodzi: sankha kagolosale kamodzi pafupi ndi pamene ukugona, uzigula pomwepo tsiku lililonse, ngakhale kusupamaketi kutchipe. Ena ankaona ngati ndi malangizo a ndalama.

Ndinachoka mu July 2019. Aunty ji anandisanjika dzanja pamutu, n'kundikumbutsa kuti ndisiye kiyi wa mota. Kwa bhaiya ndinapita komaliza. Tsamba langa linali litasanduka masamba asanu ndi limodzi. Anawerengetsa, ndinalipira, ndipo anatenga cholembera n'kudula mzere kuchokera pakona ina kufika pa inzake. Mzere umenewo unandipweteka kuposa chidindo cha pabwalo la ndege. Anandipatsa kathumba ka dal kuti ndikapatse amayi. Amayi atakalandira anaseka mpaka kukhala pansi, akuti mwina ndi wawo yemwe wabwerera atavula malaya. Mu 2021 India anagwirizana ndi Malawi zogula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, ndipo amayi anayambanso kudzala, koma mizere yowerengeka. Akuti anaphunzira kusakhulupirira msika umene sanauonepo.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinapita kukagula buledi pagolosale imene ndinkagulapo ndisanapite ku India. Tonse m'deralo tinkangoti kwa Mburundi. Ndinali m'kope lake kwa zaka zinayi, mwezi ukakhala pakati ndiye ankatisunga, koma ndinali ndisanam'funsepo kalikonse kupatula mtengo wa shuga. Tsiku limenelo ndinam'funsa kwawo. Anandiyang'ana kaye ngati akufuna kudziwa cholinga cha funsolo, kenako anati si wa ku Burundi, ndi wa ku Rwanda, ndipo anachokako ali mwana. Tinayamba kucheza kuyambira pamenepo, osati kwambiri, koma mokwanira kuti ndidziwe mayina a ana ake.

Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'mizinda abwerere kumsasa wa Dzaleka ku Dowa. M'mawa wina ndinapeza pagolosalepo pali loko. Anthu anaima pamsewu akukambirana, ena akuti zakhala bwino, malonda abwerere kwa eni dziko. Ine ndinaima nawo pomwepo. Sindinanene kanthu. Ndinaweramira foni yanga ngati muli uthenga wofunika kuwerenga.

Nambala yake siikupezekanso. Kwinakwake kuli kope limene muli dzina langa, lolembedwa bwinobwino ndi munthu amene kwa zaka zinayi sindinkadziwa dziko lake, ndipo pansi pa dzinalo pali K4,200 ya buledi, shuga ndi mafuta. Palibe amene wadulapo mzere.